Madigiri 37 M'chipinda cha a Phwitiko

Sendezani mipando kuno, nkhani iyi siifuna kufuula. Amene mumaganiza kuti za mizimu zimachitikira kumanda kokha, akadzidzi akulira, mundikhululukire. Izi zinachitika dzuwa lili paliwombo, m'chipinda chowala magetsi, chimene chitseko chake chinalembedwa kuti osaloledwa asalowe.

Kunsi kwa chigwa cha Shire kuli chipatala china cha mishoni, dzina sinditchula. Kuseri kwa zenera lolandirira mankhwala kuli kachipinda kopanda mawindo, ndipo m'menemo ndimo mumakhala seva, kompyuta yaikulu yosunga mayina a odwala onse, mankhwala amene aliyense amamwa ndi tsiku lake lobwera. Imeneyo ikazima, anthu amene anyamuka kwawo tambala woyamba atangolira amabwerera chimanjamanja. Seva imadana ndi kutentha. M'kati mwake muli mafani anayi ndi masensa, tizipangizo tating'ono timene timamva kutentha n'kuuza mafaniwo kuti athamange kapena apepuke. Pakhoma pali eyakoni yoziziritsa chipinda chonse, moti munthu umalowamo thukuta lili kamukamu n'kutulukamo ukufuna juzi.

Kwa zaka khumi ndi zinayi chipindachi chinali cha a Phwitiko, bambo wamtali wa ku Ntcheu, wosachulutsa mawu, wokonda masau ouma amene sankasowa m'thumba la malaya awo. Ndi iwo amene anaphunzitsa ntchito Ndaziona, mtsikana wa ku koleji amene anabwera ndi satifiketi yake n'kupeza kuti zambiri sizinalembedwe m'mabuku. Magetsi akazima, jenereta ya chipatala inkangokwanitsa fiyeta yochitira maopaleshoni ndi seva, eyakoni ayi. Ndiye a Phwitiko ankatsegula chitseko, kukhala pakampando kutsogolo kwa seva, n'kumaikupiza ndi chikatoni chimene anadula ku bokosi la mankhwala. Akatswiri ochokera ku Lilongwe ankaseka akaona zimenezi, koma maseva awo anapsa kangapo, pamene iyi sinapseko ndi kamodzi komwe. Pa masiku otere awiriwa ankasinthana, ndipo lamulo linali limodzi. Wokupiza sachoka mpaka mnzake afike, agwire chikatoni ndi manja ake, anene kuti "ndalandira". A Phwitiko sankachita nalo masewera lamulo limeneli.

Loweruka lina mu Okotobala magetsi anazima m'mawa. A Phwitiko anayamba kukupiza 7 koloko, atagwirizana kuti Ndaziona adzawalandira 12 koloko masana. Nthawi itakwana anamuimbira foni.

"Ndazi, uli pati? Mkono watopa, mwana wanga."

"Ndili panjira, bambo. Dikirani pang'ono."

Inu mukuidziwa njira imene timakhalapo ife tikamati tili panjira. Ndaziona anali pampando wa saluni, mutu theka woluka theka wosaluka, kukonzekera ukwati wa mnzake. Anafika kuchipatala mphindi makumi awiri zitadutsa 2 koloko. Anawapeza atatsamira seva, chikatoni chili pamiyendo, maso atatseka. Madokotala anati ndi mtima. Palibe amene anafunsa kuti mkuluyo anayenera kulandiridwa nthawi yanji, ndipo Ndaziona sananene.

Maliro anapita ku Ntcheu. Ntchito anapatsa Ndaziona kuti amuyese kaye miyezi itatu. Chikatoni chija Ndaziona anakachitaya kudzala, chifukwa sankafuna kuchiona.

Sabata yachitatu ndi pamene phokoso linayamba. Linali Lolemba, magetsi alipo, eyakoni ikuzizira bwinobwino. Itangokwana 12 koloko mafani onse anayi anadzuka pamodzi n'kuyamba kulira ngati chigayo. Phokosolo linaboola khoma, moti wopereka mankhwala ankachita kufuula kuti odwala amve kuti piritsi ili ndi la m'mawa kapena la madzulo. Ndaziona anathamanga ndi laputopu yake, nailumikiza ku seva kuti aone zimene masensa akunena. Onse ankanena zabwino, kupatula imodzi, sensa ya kutsogolo chakumunsi, imene imayeza mpweya wolowa. Chipinda chinali pa madigiri 19. Sensa imeneyo inkanena 37.

Sanade nkhawa. Sensa yonama ndi matenda odziwika, ndipo iye ankadziwa mankhwala ake. Anayamba ndi fumbi, chifukwa kuchigwa fumbi limalowa ngakhale m'botolo lotseka. Anachotsa zosefera mpweya, kuzikuntha, kupukuta mafani ndi burashi limodzi ndi limodzi. Anazula kawaya ka sensa, kukauzira, kukabwezera. Ali mkati mochita zimenezo phokoso linangoti zii, nambala n'kutsika kufika pa 19. Anadziyamikira yekha kuti ntchito amaidziwa.

M'mawa mwake, 12 koloko, chigayo chinayambanso.

Lachitatu anazimitsa ndi kuyatsanso kachipangizo kamene kamayang'anira masensa, poganiza kuti mwina kasokonezeka mutu. Lachinayi anayendera zitseko zonse za seva kuona ngati pali mpata wolowetsa mpweya wotentha, nagwiragwira khoma kufuna paipi yobisika. Sanapeze kanthu. Lachisanu anatsegula bokosi la zida zosungira, nachotsamo sensa yatsopano ili m'pepala lake, n'kuiika m'malo mwa yakale. Yatsopanoyo inakhala bwino m'mawa wonse. Itakwana 12 koloko inanena 37.

Apa ndi pamene anayamba kuona tinthu tina timene poyamba ankangotidutsa. Sikuludiraiva ya chogwirira chofiira, imene iye ankaisiya paliponse, ankaipeza m'mawa itagonekedwa bwino kumanja kwa seva, nsonga italoza kukhoma, monga ankaigonekera mwini wake, a Phwitiko. Pansi pa kampando ankasesapo njere za masau, ziwiri kapena zitatu, zonyowa. Kiyi wa chipindacho anali mmodzi, ndipo ankagona m'chikwama chake. Tsiku lina potsegula chitseko anapeza chikatoni chija chitatsamira kampando. Anachizindikira ndi m'mbali mwake, mmene zala zinafewetsa mpaka kusiya malo ake. Anaima pakhomo nthawi yaitali, kenako anachisiya pomwepo osachigwira.

Mutu wa munthu wa sukulu subwerera msanga. Anatenga waya wautali, nalumikiza sensa ija kuti athe kuyenda nayo m'chipindamo phokoso likayamba. Ataitengera kungodya, inanena 19 ndipo mafani anapepuka. Ataikweza kudenga, 19. Atabwerera nayo pang'onopang'ono kutsogolo kwa seva, pamwamba pa kampando, nambala inayamba kukwera, 24, 30, 35, mpaka kuima pa 37. Dzanja lake silinamve moto uliwonse. Chimene linamva ndi kamphepo, kobwera ndi kupita, kobwera ndi kupita, kochokera pamene panalibe fani kapena chitseko. Ubweya wa pamkono unkagona n'kudzuka motsatira kamphepoko.

Madzulo a tsiku limenelo anatsegula kaundula wa seva, mmene imalemba yokha chilichonse chochitika ndi nthawi yake. Anawerenga masiku onse kuyambira Lolemba lija. Phokoso linkayamba 12 koloko ndendende. Linkatha mphindi makumi awiri zitadutsa 2 koloko, tsiku lililonse, osaphonya. Ndaziona anatseka laputopu, ndipo mantha amene anamugwira sanali a chinthu choopsa, anali mantha a munthu amene wadziwidwa.

Amene anamuona kuti wasintha ndi Sisitala Fachi, nesi wamkulu wa odwala oyendera, mayi wonenepa amene wakhala pachipatalapo kuposa mitengo ina ya pabwalo. Analowa masana ena atatseka makutu ndi zala.

"Mwanawe, chigayo chakochi chitigonthetsa. Chikudwala chiyani?"

"Sensa ikunama, sisitala. Ikuti pano pali 37."

"Wati 37?" Sisitala Fachi anachotsa zala m'makutu. Anapisa m'thumba la yunifolomu natulutsa themometa ija amalozetsa pamphumi. Analozetsa kukhoma, inakana kuwerenga. Analozetsa pansi, inakana. Ataloza pamwamba pa kampando, pamene pakanakhala mutu wa munthu wamtali atakhala pansi, inalira kamodzi n'kuonetsa 37.

Mayiyo anayang'ana nambalayo, nayang'ana chikatoni, nayang'ana njere za masau. Anabweza themometa m'thumba mwaulemu, ngati pali mkulu amene akumuona.

"Ine za makina sindizidziwa. Ndimayeza anthu, ndipo aka kamawerenga pokhapokha pali munthu," anatero motsitsa mawu. Potuluka anagwada pang'ono pakhomo, monga amachitira mayi akamadutsa pamaso pa apongozi.

Sabata yotsatira nambala inayamba kukwera. Lolemba 38. Lachiwiri 39. Ndaziona ankadziwa chimene chili kutsogolo, pakuti seva inauzidwa kuti mpweya wolowa ukafika 42 izizimitsa yokha. Makina okalamba ngati amenewo akazima mwadzidzidzi sadziwika ngati adzukanso. Lachitatu anaitanidwa ndi bambo Alufandika, woyang'anira chipatala, munthu wa tayi ngakhale kutenthe bwanji, amene ankakhulupirira kuti vuto lililonse limatha ukalipatsa tsiku lomaliza.

"Mayi, ngati kawayako kakunama, kadulenitu. Zikuvuta pati?"

"Ndikakadula, bwana, seva iganiza kuti yachita khungu, mafani alira koposa apa. Ndikhoza kuiuza kuti isamamvere sensa imeneyo, phokoso litha. Koma tsiku limene kudzatenthedi idzapsa chamumtima, ife osadziwa."

"Zimenezo ndi zanu. Lachisanu masana ndikufuna bata. Zikakanika ndiitana a ku Lilongwe, ndipo inu mukudziwa kuti muli pa miyezi yoyesedwa."

Lachinayi, nambala ili pa 40, Ndaziona anatsegula tsamba la pa laputopu louzira seva kuti isamamvere sensa ija, lomwe likanatontholetsa zonse. Kunali kungodina kamodzi. Chala chinaima m'malere, kamphepo kaja kakumukhudza patsaya, ndipo anamva kuti tsopano kakubwera mochedwa, kakudukiza, ngati mkono umene watsala pang'ono kugwa. Sanadine.

Lachisanu cha m'ma 11 koloko mlonda wa pageti analoza mayi wina njira ya kuchipinda cha seva. Anali wamng'ono thupi, wovala zakuda, fumbi la ulendo lili mpaka m'maondo. M'dzanja ananyamula kanthambi kakawisi ka mtengo wa msolo. Ndaziona anamuzindikira, anamuonapo pamaliro. Anali mayi Nangozo, mkazi wa a Phwitiko.

"Kwathu munthu akafera kutali timatenga thupi, timatenganso mwini wake," anatero mayiyo atapatsidwa moni. "Timapita ndi nthambi pamene anagwera, timamuitana, timayenda naye mpaka kumudzi. Ife tinachita zimenezo, koma anatilozera bedi la kuwodi kumene madokotala anamugoneka. Kuno anati n'koletsedwa. Tinanyamula nthambi yopanda munthu, mwanangu. Masabata atatu tsopano ndikuwalota, atakhala pakampando, thukuta lili chuchuchu. Ndikawauza kuti tiyeni kunyumba, amangondiyankha mawu amodzi, akuti 'sanandilandire.'"

Bambo Alufandika anali atafika kale ndi wotchi yawo. Anayamba kufotokoza za chikwangwani cha pachitseko, koma Sisitala Fachi anawayang'ana kamodzi kokha ndipo iwo anapatuka pakhomo. Ndaziona anatulutsa kiyi natsegula. Itakwana 12 koloko mafani anadzuka, ndipo pa laputopu panaoneka 41.

Mayi Nangozo anavula nsapato, nagwada patsogolo pa kampando, nagoneka nthambi pansi.

"Bambo a Sitela, ndine. Ndabwera kudzakutengani. Ana akudikira, chimanga chanu cha kudimba chacha. Tiyeni."

Mafani sanasinthe. Anaitana kachiwiri, anaitana kachitatu. Nambala inagwedezeka pakati pa 41 ndi 42, ndipo kanyali kofiira kanayamba kuphethira pa seva. Mayiyo anatembenuka, nayang'ana anthu atatu amene anaima kumbuyo kwake.

"Amuna anga sanasiyepo ntchito pakati. Ndani amayenera kuwalandira?"

Pamenepo Ndaziona akanatha kukhala chete, monga anakhalira masabata onsewa, ndipo palibe akanamuloza chala. Koma anamva mawu ake akutuluka, aang'ono, moti anachita kubwereza kuti apose phokoso.

"Ndine, mayi. Tinapangana 12 koloko. Anandiimbira kuti mkono watopa, ine ndinati ndili panjira. Sindinali panjira. Ndinali ku saluni, ndikulukitsa tsitsi. Ndinafika 2 koloko itadutsa."

Sisitala Fachi anagwira pakamwa. Bambo Alufandika anayang'ana nsapato zawo. Mayi Nangozo anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, kuyambira kumapazi mpaka kutsitsi, ndipo nkhope yawo sinaonetse kukhululuka kapena kukwiya.

"Usandiuze ine. Auze eni ake, ali apa," anatero akusendera pambali.

Ndaziona anagwada pamene panali mayiwo. Pafupi choncho anamva fungo la masau ndi la sopo amene mkulu uja ankachapira malaya. Anatambasula manja onse awiri nagwira chikatoni. Chinakana kubwera. Sichinali cholemera, koma kumbali inayo kunali wochigwira, ndipo kunjenjemera kwa mkono wotopa kunkadutsa m'chikatonimo kufika m'zala zake. Misozi inatsika osaipukuta.

"Bambo, ndafika. Ndachedwa, ndinakunamizani. Magetsi alipo, eyakoni ikuyenda, zosefera ndakuntha. Ndalandira."

Kwa kanthawi palibe chinachitika. Kenako kumbali ija kunamasuka, pang'onopang'ono, chala chimodzi ndi chimodzi, mpaka chikatoni chinatsala m'manja mwake yekha. Wina anapuma mpweya wautali m'chipindamo, ndipo anayi onsewo anayang'anana, aliyense kuona kuti si mnzake. Pa laputopu nambala inayamba kutsika, 40, 37, 31, 25. Mafani anatsitsa mawu limodzi ndi limodzi, kanyali kofiira kanazima, ndipo pa 19 chipinda chinakhala bata loti munthu unkamva mwana akulira kuwodi ya kutali. Bambo Alufandika, amene sanavulepo tayi pamaso pa anthu, anaimasula n'kuigwira m'manja ngati chipewa.

Mayi Nangozo anatola nthambi ndi manja awiri. Kuyambira pamenepo sanalankhulenso ndi wamoyo aliyense, ndipo sanacheuke, pakuti mwambo wake ndi wotero. Ankangolankhula ndi nthambiyo motsitsa, monga umachitira poyenda ndi munthu wodwala.

"Tikutuluka pakhomo tsopano. Pali sitepe apa, samalani. Tikhotere kumanja. Basi tikakwerera pamsika, mpando wanu ndasunga wa pawindo."

Odwala amene anali pamzere wa mankhwala sanauzidwe kanthu ndi munthu, koma anapatuka okha, abambo akuvula zipewa, amayi akukokera ana pambali. Anasiya mpata waukulu, woposa wa mayi mmodzi wamng'ono thupi. Ndaziona anaperekeza ndi maso mpaka pageti, pamene mlonda anatsegula mbali zonse ziwiri.

Za Lilongwe bambo Alufandika sanazitchulenso. Ndaziona anabwerera m'chipinda, nakhala pakampando paja koyamba chiyambire Okotobala. Panali pozizira.

Cha m'ma 1 koloko magetsi anazima. Jenereta inatsokomola n'kudzuka, eyakoni inangoti zii, ndipo kutentha kwa kuchigwa kunayamba kukwawira pansi pa chitseko. Ndaziona anatsegula chitseko, nachitchinga ndi njerwa, natenga chikatoni. Zala zake zinalowa m'malo ofewa aja, ngakhale anali aakulu kuposa dzanja lake. Anayamba kukupiza.

Sisitala Fachi anasuzumira pakhomo. "Ndiweruka 4 koloko. Ndidzakulandira, undionetse kagwiridwe kake."

"Ndidikira, sisitala."

Sisitala Fachi anafika kutatsala mphindi zisanu kuti 4 koloko ikwane.